Galu wakalamba ndipo sakudzukanso: tizimusamalira pakhomo, tilimbane nawo matenda, kapena abayidwe jakisoni wogonetsa?

Galu wathu Piloto anafa mu June chaka chatha kuno ku Ulónguè, nthawi ija kumazizira mpaka mano kugundana. Anali ndi zaka 13, ndipo kwa galu wamba amene wakula ndi mkute ndi msuzi wa nyemba zaka zimenezo ndi ugogo weniweni, poti agalu ambiri amalekezera pakati pa 10 ndi 13. Chimene chimandiwawabe si imfa yakeyo ayi, koma masabata atatu omaliza amene ndinkangomuyang'ana akuvutika ine osadziwa chochita, aliyense akundiuza zake. Achimwene anga amati mutengeni mukamusiye kuphiri, aneba amati ine ndili ndi mankhwala a makoswe otsala, mwana wanga wamkazi uku akulira kuti ababa musamuphe. Nde ndati ndilembe zimene ndinazidziwa mochedwa, kuti wina amene galu kapena mphaka wake wafika pamenepa asazungulire mutu ngati ine.

Ndikudziwa ena museka, eti bambo wamkulu kumalemba za imfa ya galu chimanga chikukwera mtengo. Sekani palibe mlandu. Koma amene anagonapo tulo tabwino chifukwa panja pali galu akulondera mbuzi ndi njinga yamoto akudziwa chimene ndikunena.

Musanasankhe, yang'anani izi

Choyamba, tsimikizani kuti chiwetocho chikuferadi. Agalu ambiri kuno timawataya ali ndi matenda ochizika. Galu woonda, nkhama zoyera mbee, wosafuna kudya, kawirikawiri amakhala ndi matenda obwera ndi nkhupakupa kapena njoka za m'mimba. Wothothoka ubweya thupi lonse nkhanambo zokhazokha amachira ndi mankhwala. Ngakhale chotupa chija chimatuluka kumaliseche kwa agalu nkumakha magazi, chimene amapatsirana pokwerana, anthu amaona ngati basi wathera pomwepo, chonsecho chimatha ndi jakisoni wa vincristine kamodzi pa sabata, nthawi zambiri maulendo anayi mpaka asanu ndi limodzi. Ndiye ukalamba ndi wina, matenda ndi ena.

Chachiwiri ndi ululu. Galu sanena, mphaka ndiye amabisa kwambiri. Onani ngati akupuma wefuwefu ali chigonere pamthunzi, akubuula usiku, akubisala kuseri kwa nkhokwe, akudzikodzera pomwe wagona, kapena wayamba kukulusirani inu mwini wake mukamukhudza msana. Ine chimene chinanditsegula maso ndi kalendala: tsiku limene wadya, wagwedeza mchira, wayenda yekha kukadzithandiza ndinkachonga, tsiku loipa ndinkalemba mtanda. Mitanda itachuluka kuposa zochonga ndinasiya kudzinamiza.

Kenako njira iliyonse ndiyiyeza pa zinthu zinayi: mtengo wake, kupezeka kwake komwe muli, ntchito imene ikusiyireni tsiku ndi tsiku, ndi zoopsa zake. Mitengo ya mametikali sindiyika chifukwa imasiyana malingana ndi kulemera kwa galu ndi mtunda, ndingonena zimene zimalowa m'bilu kuti mukamafunsa musapusitsidwe.

Koma ngati mukukayikira chiwewe, iwalani zonsezi

Apa palibe kusankha. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuluma chilichonse, dovu chuchuchu, chibwano chagwa, sakumeza, mawu asintha, makamaka ngati sanabayidwe katemera kapena analumidwa ndi galu wachilendo kapena nkhandwe, musamusisite, musamutsegule pakamwa kuti muone ngati watsamwa fupa. Mutsekereni, chotsani ana, dziwitsani a ziweto ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ziweto ya boma lanu. Chiwewe chikaonekera sichichira, kaya kwa galu kaya kwa munthu, ndipo a WHO amati pafupifupi anthu 99 pa 100 aliwonse amene amachitenga amachitenga kwa galu. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione kaye mmene galu achitire. Akafa musamudule mutu nokha, amene amayeza ubongo ali ndi njira zawo.

Njira yoyamba: kumusamalira pakhomo mpaka atapita yekha

Iyi ndi imene ambiri timachita, ena mwadala, ena chifukwa chosowa pogwira. Ikachitika bwino ndi yabwino, ikachitika mwachisawawa ndi nkhanza zobisika.

Mtengo: ndi yotchipa pa zonse. Mphasa yakale, matumba, bulangeti lakutha, sopo, chakudya chofewa, ndi mankhwala ochepetsa ululu ochokera kwa vetenale. Pamankhwalapa ndi pomwe musaumire.

Kupezeka kwake: paliponse, kaya muli ku Furancungo, ku Tsangano, ku Chifunde kapena mu bairo ya Chingodzi. Chovuta ndi mankhwala a ululu aja, amafuna munthu wodziwa mlingo wake.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku: apa ndi pomwe anthu sawerengera. Galu amene sadzuka amafunika kumutembenuza maola anayi kapena asanu ndi limodzi aliwonse kuti asatuluke zilonda m'chiuno ndi m'zigongono. Akadzikodzera mumupukute, musinthe chogonera, apo ayi ntchentche ziikira mazira ndipo m'masiku awiri mupeza mphutsi pansi pa mchira, ine ndinaziona ndi maso anga ndipo sindifuna kuzionanso. Madzi akhale pafupi ndi mphuno yake. Chakudya chikhale phala lofunda, dzira lowiritsa, nyama ya nkhuku yopanda mafupa, kapenta wonyika m'madzi kuti mchere uchoke. Nsomba ya chicoa ija ndi yokoma kwa ife koma mchere wake si wa chiweto chodwala impso. Anyezi ayi, amawononga magazi a galu ndi mphaka yemwe. Pomuthandiza kuyenda, pisani chitenje pansi pa mimba mumunyamulire kumbuyo. Nyengonso ili ndi mbali yake: kuno ku Angónia vuto ndi chisanu cha June ndi July, mafupa okalamba amauma, mugonekeni kukhitchini kumene kumafunda ndi moto. Kumunsi ku Tete ndi ku Moatize vuto ndi dzuwa la October ndi November limene limapitirira madigiri 40, galu wodwala mtima atha kufa ndi kutentha kokhako, ndiye mthunzi, thumba lonyowa, osamumanga pa simenti masana.

Zoopsa: chachikulu ndi kumupatsa mankhwala athu a anthu. Paracetamol amapha mphaka, ngakhale kachidutswa. Ibuprofen ndi diclofenac amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso. Tikamati tikuthandiza ndi pomwe tikumumaliza mozunza. Choopsa china ndi chija chinandichitikira ine, kumangoyembekeza kuti afera m'tulo. Zimachitika koma si kawirikawiri. Imfa ya impso, ya khansa kapena ya madzi m'mapapo imatenga masiku, ndipo usiku womaliza umakhala wautali kwa nonse.

Njira yachiwiri: kulimbana nawo matenda kwa vetenale

Mtengo: iyi ndi imene imadya thumba, ndipo vuto lake simudziwa polekezera. Pali ya kuyeza, ya dripu, ya majakisoni, mwina opaleshoni, kuwonjezera ulendo, ndipo ulendowo si umodzi. Funsani poyera musanayambe: kodi zonse zikwana zingati, ndipo akachira ndiye kuti tamugulira miyezi ingati? Vetenale wabwino sakwiya ndi funso limeneli. Musagulitse mbuzi ya fizi ya mwana chifukwa cha manyazi.

Kupezeka kwake: tinene zoona, chigawo chathu ntchito ya ziweto inakhazikika pa ng'ombe ndi mbuzi, si pachabe cabrito, nyama ya mbuzi ya ku Tete, amatchuka dziko lonse ndipo ng'ombe za mtundu wa Angoni zimawetedwa kuno. Ma tekiniko a ziweto a m'maboma ambiri anazolowera dibi, katemera wa ng'ombe ndi kampeni ya chiwewe, osati kuyeza impso za mphaka. Mwayi wopeza wodziwa za agalu ndi amphaka umakula mukayandikira mzinda wa Tete. Kuchoka ku Ulónguè ndi makilomita opitirira 200, ndipo kukwera shapa, minibasi ija, ndi galu wodwala si masewera, kondakitala akana kapena akulipiritsani mpando wonse. Ena amaganiza zodutsa pa Calómuè kulowa Dedza mpaka ku Lilongwe kumene kuli chipatala cha ziweto cha LSPCA, kapena pa Zóbuè kulowera ku Blantyre, koma kudutsa malire ndi chiweto kumafuna khadi la katemera ndi zilolezo za ziweto, si zongodzuka m'mawa.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku: kumwetsa mapiritsi pa nthawi yake, kutsuka bala, kuletsa kunyambita, kubwerera tsiku limene anena. Amene anamwetsapo mphaka piritsi akudziwa kuti manja amatsala ndi mizere.

Zoopsa: chiweto chokalamba kwambiri chitha kufa pogonetsedwa pa opaleshoni, kapena kufooka ndi ulendo womwewo. Chenjeraninso ndi ongoyendayenda ndi chikwama cha majakisoni amene matenda aliwonse yankho lawo ndi oxytetracycline, mulipira kasanu galu osasintha. Ndipo pena timapitiriza chithandizo osati chifukwa cha galuyo koma chifukwa ife sitinakonzeke kumusiya.

Njira yachitatu: jakisoni wogonetsa osadzukanso

A vetenale kuno amati eutanásia. Ambiri timaiopa chifukwa sitidziwa mmene imachitikira, nde ndifotokoze mmene ndinaonera. Poyamba amabaya jakisoni wofoola kuti galu agone, asamve mantha. Pakapita mphindi zingapo amabaya wachiwiri mumtsempha wa mwendo wakutsogolo, nthawi zambiri ndi pentobarbital wochuluka, amene amayamba wagonetsa ubongo kenako kupuma ndi mtima zimaima. Zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Maso amatsala otsegula, pena amapuma kamodzi mwamphamvu kapena kukodza, thupi lokha limenelo, iye amakhala atapita kale. Ndikunena izi chifukwa ine palibe anandiuza, ndipo atapuma komalizako ndinalumpha kuganiza kuti akumva kuwawa.

Mtengo: mumalipira kamodzi. Umadalira kulemera kwa chiweto ndi ngati vetenale akubwera kunyumba, pamenepo muwonjezere ya mafuta a njinga yake. Imadula kuposa kungokhala naye pakhomo, koma imachepa kwambiri poyerekeza ndi miyezi ya chithandizo chosathandiza.

Kupezeka kwake: apa ndi pomwe pamavuta. Mankhwalawa ndi otetezedwa, sagulitsidwa pamsika, ndipo si tekiniko aliyense amene amakhala nawo. Yambani kufunsa msanga, galu akadali kudya, osati usiku wa Loweruka atayamba kukomoka. Funsani ku SDAE kuti akulozereni woyenera. Ndipo funsani dzina la mankhwala amene abaye komanso ngati ayamba ndi wogonetsa. Akati ayi timangobaya basi, kapena akufuna kugwiritsa ntchito mankhwala a dibi, mubwezeni ndithu.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku: palibe, kupatula kukonzekera tsikulo. Kumbani dzenje tsikulo lisanafike, sankhani malo amene amakonda kugona, mupatseni chimene amachikonda ngati akutha kudya. Piloto anadya chiwindi cha nkhuku m'manja mwa mwana wanga. Ngati mungapirire khalani pomwepo, dzanja pamutu pake, amadekha akamva fungo la mwini wake.

Zoopsa: mtembo umakhala ndi poizoni. Galu wina, fisi, khwangwala kapena nkhumba ikadya, ifanso, ndiye kutaya kudzala ayi. China ndi chamumtima, mudzadzifunsa kuti kodi sindinafulumire? Ine funso langa ndi losiyana, ndimadzifunsa chifukwa chimene ndinachedwera. Palinso nkhani ya chikhulupiriro, ena m'banja amaona ngati ndi kupha, nde kambiranani kaye kuti pasadzakhale kulozana zala.

Njira yachinayi: zija timachita mwakachetechete

Kumutaya kutchire, kumusiya pamsewu wa ku Zóbuè, kumuthira mankhwala a makoswe m'nsima, kumumangirira mwala nkuponya mu Zambezi kapena mu Revúbuè, chibonga. Ndaziika pano chifukwa ndi zimene anthu amalangizana, koma sindikuzivomereza ngakhale pang'ono.

Mtengo: amati ndi yaulere. Kupezeka kwake: paliponse, ndiye vuto lake. Ntchito ya tsiku ndi tsiku: palibe, kupatula kunamiza ana kuti wasochera. Zoopsa: zonse. Mankhwala a makoswe ena amapha pokhetsa magazi m'kati kwa masiku angapo, ena amagwetsa khunyu galu akuona, ndipo masanzi ake nkhuku zimajompha, mwana wokwawa amagwira. Galu wotayidwa amafa ndi ludzu kapena amayesa kubwerera, alipo amene amafika pakhomo patapita sabata akukwawa, mchira ukugwedezeka, ndipo mwini wake samaiwala mpaka kalekale. Ngati muli kutali kwenikweni ndipo chiweto chathyoka msana kapena chapsa, imbani foni kwa tekiniko wa ziweto akuuzeni chochita, musangotola chimene chili pafupi.

Kuika m'manda, ndi zotsala mumtima

Dzenje likhale lakuya mita imodzi kapena kuposa, kutali ndi chitsime, dimba ndi mtsinje. Mukulungeni m'chitenje chakale kapena thumba la ulusi, pamwamba muike miyala kuti agalu anzake asafukule. Kumunsi kotentha musagoneke mtembo, umayamba kununkha tsiku lomwelo, ndipo nthaka ya kumeneko m'chilimwe ndi youma gwa, thirani madzi madzulo kuti pikisi ilowe. Ngati muli pa lendi pemphani eni nyumba kaye, kapena mupite naye kumunda. Ngati anafa ndi matenda aja a ana agalu otsegula magazi, parvo, kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri mpaka chaka, nde musathamangire kubweretsa kagalu kosabayitsa pabwalo lomwelo.

Za chisoni ndiye palibe amene amakukonzekeretsa. Kwathu maliro a munthu ali ndi dongosolo, anthu amabwera, amagona pasiwa, amayimba, mtima umapeza potulukira. Galu akafa m'mawa mwake umapita kumunda ngati palibe chachitika. Agogo anga atamva mwana akulira anati mukulira galu, mukufuna kutiitanira maliro enieni? Sindinawayankhe, ndi akuluakulu, koma mwanayo ndinamutengera kuseri nkumuuza kuti lira mwanawe, ngakhale ine ndalira. Kwa sabata ziwiri ndinkasiyabe mbamu ya nsima pambali nditatha kudya, kenako nkukumbuka kuti woidya kulibe. Usiku ndinkadzidzimuka chifukwa cha bata.

Ana auzeni zoona, kuti wafa ndipo sabweranso. Mukati wathawa adzakhala akuyang'ana kumsewu miyezi, mukati wagona ena amayamba kuopa tulo. Aloleni athire dothi, asunge lamba wake, kapena adzale mtengo pamandapo, ife tinadzala pichesi poti kuno amachita bwino. Galu mnzake wotsala nayenso amasakasaka, amachepetsa kudya masiku angapo, muziyenda naye. Agogo amene amakhala okha ndi mphaka wawo muziwayendera, kwa iwo amene wapita ndi amene ankacheza naye tsiku lonse. Ndipo ngati papita miyezi munthu sakugona, sakudya, ntchito yaima, kawirikawiri imfa ya chiwetoyo yadzutsa chisoni china chakale, apite akalankhule ndi a kuchipatala kapena abusa ake. Za kutenga galu wina, aneba adzakubweretserani kagalu mawa lake lomwe pofuna kukutonthozani. Ngati mbava zikuvuta landirani, koma musakatche dzina la malemuyo, mudzakhala mukukayerekeza ndipo sikadzakwanitsa.

Nde inu musankhe iti?

Ngati chiweto ndi chaching'ono kapena cha zaka zapakati ndipo chadwala posachedwa, pitani njira yachiwiri, ngakhale ulendo umodzi wokha kuti mumve dzina la matendawo. Zambiri zimachira.

Ngati ndi nkhalamba koma akudya, akugwedeza mchira, akutha kudzikoka kupita padzuwa, ndipo pakhomo pali munthu masana, njira yoyamba ndi yanu, bola mupeze mankhwala a ululu oyenera ndipo nambala ya vetenale ikhale kale mufoni.

Ngati aliyense amachoka m'mawa kubwera usiku, mwachitsanzo mumagwira mashifiti ku migodi ya malasha ku Moatize, musadzinamize kuti mukwanitsa kutembenuza galu wosadzuka. Pezani womusamalira kapena ganizirani yachitatu.

Ngati sakudya masiku angapo, akubanika popuma, akulira usiku wonse, akukomokakomoka, kapena galimoto yamuthyola msana, ndi yachitatu, ndipo lero osati sabata ya mawa.

Ngati ndalama palibiretu, pitanibe ku SDAE mukafotokoze mmene zilili, pemphani kulipira pang'onopang'ono pa M-Pesa kapena e-Mola, kapena gawanani ya mafuta ndi aneba amene ali ndi ng'ombe zofuna kuonedwa tsiku lomwelo kuti tekiniko abwere ulendo umodzi.

Ngati muli kumudzi kutali ngati ku Chifunde kapena Marávia kumene thandizo limatenga masiku, yambani kukonzekera msanga, galu akangofika zaka 9 kapena 10, ndipo akabwera a kampeni ya katemera wa chiwewe, imene nthawi zambiri imakhala chakumapeto kwa September poti pa 28 ndi tsiku lokumbukira matendawa, musangobayitsa nkuchoka, tengani nambala ya tekinikoyo ndipo mumufunse pomwepo ngati amasunga mankhwala ogonetsa.